Musanagule thabwa loyamba, pezani wowerengera boti lanu

Boti langa loyamba ndinakhometsa pansi pa mtengo wa mango pa gombe la kwathu ku Senga Bay, ndipo pulani yake inali chala cha mmisiri pamchenga. Anakoka mzere wautali, n'kuupinda kutsogolo, n'kunena kuti, "Mayi, likhala ngati la anzanu lija, koma lanuli lizithamanga kuposa." Ine ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinali nditagulitsa usipa zaka zambiri, kuuyanika pa thandala, kuuthira m'matumba, kugona nawo pamsika ku Lilongwe, moti ndalama ya botilo inali thukuta langa lenileni.

Mmisiri uja si munthu woipa, ndipo dzanja lake ndi labwino mpaka lero. Akalumikiza thabwa ndi linzake simungalowetsepo ngakhale nsonga ya mpeni. Koma pofuna kuti boti lizithamanga analichepetsa m'mimba: la anzanga lija linali mamita 2.2 m'lifupi, langa linatuluka mamita 2. Kusiyana kwake chikhatho chimodzi chotambasula basi. Kenako ine mwini ndinawonjezera zanga. Okwera ankadandaula dzuwa pa ulendo wa ku Makanjira, ndiye ndinaitana wowotcherera kuti aike denga la malata pa mizati yachitsulo. Denga litakhalapo, anyamata anayamba kuponyapo matumba a usipa ndi njinga. Panalibe wondiletsa, chifukwa panalibenso amene ndinamufunsa.

Tsiku lina mu Juni, tikuchokera ku Makanjira, mwera unatipeza pakati pa nyanja. Sunali woopsa kwenikweni, maboti ena anawoloka bwinobwino tsiku lomwelo. Funde linatimenya cham'mbali, boti linapendekeka, ndipo chimene sindidzaiwala n'chakuti silinafulumire kudzuka. Linangokhala chopendekeka. Timadzi timene tinali pansi pa matabwa opondapo tonse tinathamangira mbali yomweyo, anthu nawonso anatsetserekera komweko. Mayi wina wa mwana kumsana anangogwira mwendo wanga zolimba, osatulutsa mawu. Woyendetsa anakuwa kuti, "Tayani za pamwamba!" Matumba anapita m'madzi, njinga ziwiri nazonso. Tinakocheza tonse amoyo, koma ine boti ndinalikokera pamchenga ndipo linakhala pomwepo mpaka mwera unatha.

Amalume anga, amene anagwirapo ntchito pa sitima za panyanjayi asanapume, anabwera kudzaliona. Analizungulira kawiri, anagogoda nthiti zake, anayang'ana dengalo nthawi yaitali. Kenako anati, "Nabanda, botili analikhoma bwino. Koma analiwerengera ndani?" Ndinalibe yankho. Ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti wokhoma boti ndi wina, wowerengera boti ndi winanso. Wachiwiriyu ndi injiniya amene pa Chingerezi amamutcha naval architect. Ntchito yake imayamba thabwa lisanadulidwe: amadziwiratu kuti boti lidzalowa m'madzi mpaka pati likadzaza, kulemera kwake kudzakhala pamwamba kapena pansi, ndipo funde likadzalikankha lidzadzuka kapena lidzapitirira.

Nyanja yathuyi inaphunzitsa kale phunziro limeneli ndi miyoyo ya anthu. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, imene inali itangoyamba kumene kunyamula anthu, inatembenuzika ndi mphepo kufupi ndi Chitimba kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anafa. Ambiri amene analemba za ngoziyi amatchula kulemera kwa chigawo chake chapamwamba. Ilala imene inabwera pambuyo pake inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mu mzinda wa Glasgow, mu 1949, inabwera zidutswazidutswa, anailumikiza kuno, n'kuyamba ntchito mu 1951. Agogo athu anaikwera, ife taikwera, ana athu aikweranso. Mwera wa zaka zonsezi wakhala ukuimenya. Zoonadi, boti la matabwa la mamita 9 si Ilala. Koma madzi amagwiritsa lamulo limodzi pa chachikulu ndi chaching'ono.

Tsono ngati mukufuna kukhometsa boti, kaya la usodzi wa chilimira, kaya lonyamula anthu, kaya lonyamula alendo oona malo, yambani ndi kope ndi cholembera, musanapite kwa aliyense. Lembani ntchito imene botilo lidzagwire, ndipo mulembe zoona. Apa ndi pamene ambirife timadzinamiza. Timanena kuti "anthu 15 okha" chonsecho tikudziwa kuti tsiku la maliro kutsidya, kapena Khirisimasi ndi Eid zikayandikira, pagombe pamaima anthu 30 ndi matumba awo a chimanga, ndipo woyendetsa sabweza ndalama. Muuzeni injiniya za tsiku loipitsitsalo. Muuzeni njira yanu: mudzayenda m'mphepete mwa gombe kapena mudzadula nyanja? Mudzayenda mwezi wa Juni ndi Julaye mwera uli pachimake, kapena mudzaimika? Nyengo ya mvula mpoto umakupezani kuti? Mudzakocheza pamchenga tsiku ndi tsiku, kapena pamiyala ngati magombe ena a kumpoto? Katundu wanu ndi wotani: usipa wouma ndi wopepuka koma umadya malo, ndipo anthu amauunjika m'mwamba; simenti ndi yolemera koma imakhala pansi; khoka lonyowa limalemera kuposa louma, ndipo polikoka anyamata onse amaima mbali imodzi. Zonsezi zimasintha maonekedwe a boti. Injiniya amene sanakufunseni zimenezi, n'kungotulutsa pepala m'chikwama kuti "iyi ndi pulani yabwino", musamupatse ndalama.

Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti anthu oterewa amapezeka kuti. Sali ambiri kwathu kuno, choncho muyenera kufunsafunsa. Ine ndinayambira ku Monkey Bay, kumene kuli malo okonzera sitima komanso Marine Training College. Ku Mpwepwe, ku Mangochi, kuli Malawi College of Fisheries, ndipo kumeneko ntchito yokhoma maboti a matabwa ndi yakale. A nthambi ya boma ya Marine, amene amayendera maboti ndi kupereka ziphaso, amadziwa amene mapulani awo amadutsa popanda vuto. A Fisheries a m'boma lanu nawonso mungawafunse. Mayina awiri kapena atatu mukawamva mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu osadziwana, mwayamba kuyandikira.

Mukamupeza, musachite manyazi kumufunsa mapepala ake. Ena amaona ngati ndi mwano, makamaka ife amayi tikamalankhula ndi bambo wophunzira, koma munthu woona sakwiya nazo. Funsani kumene anaphunzira ndi chimene anaphunzira. Makaniko wa injini ndi katswiri pa ntchito yake, kaputeni ndi katswiri pa yake, wojambula nyumba chimodzimodzi, koma palibe mwa iwowa amene mungangomuona n'kuganiza kuti adziwa kuwerengera kukhazikika kwa boti. Ngati akudzitcha injiniya, funsani ngati analembetsa ku bungwe la mainjiniya la Malawi Engineering Institution. Koposa zonse, funsani boti limene anajambula lomwe lili pamadzi lero. Pitani mukalione. Musalankhule ndi mwiniwake yekha, chifukwa mwini chinthu amachiyamikira. Khalani pansi ndi woyendetsa komanso mnyamata wokapa madzi. Iwowa ndi amene amadziwa ngati boti limamwa madzi kutsogolo, ngati limakana kukhota, ngati limachititsa mantha mwera ukabwera cham'mbali.

Pali mafunso atatu amene amalume anandipatsa, ndipo ndinawagwiritsa ntchito momwemo. Boti likadzaza anthu ndi katundu, kuchokera pamadzi kufika pamlomo pake padzatsala masentimita angati? Anthu onse akathamangira mbali imodzi chidzachitike n'chiyani? Likadzaza madzi lidzamira kapena lidzayandama? Wodziwa amayankha ndi manambala, kapena amati "ndipatseni masiku ndiwerengere". Wosadziwa amayankha kuti, "Musadandaule mayi, ife tapanga ambiri."

Ndikuuzeni pang'ono za manambalawa, chifukwa atandifotokozera ine maso anatseguka, ndipo inunso mukawadziwa simunamizidwa. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yathu imalemera kilogalamu imodzi. Boti limalowa m'madzi mpaka litakankha madzi olemera mofanana ndi ilo pamodzi ndi zonse zili mkati. Boti la mamita 9 m'litali ndi 2.2 m'lifupi, poti limasongoka kutsogolo, malo amene limakhudza pamwamba pa madzi ndi pafupifupi masikweya mita 14. Ndiye kuti makilogalamu 140 aliwonse amalitsitsa ndi sentimita imodzi. Anthu 20 a makilogalamu 70 aliyense alitsitsa ndi masentimita 10. Onjezani matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, latsikanso masentimita 7. Zikumveka zochepa mukakhala pamtunda. Koma pakati pa nyanja masentimita amenewo ndi amene amasiyanitsa funde longonyowetsa zovala ndi funde lolowa m'boti. Komanso madzi amchere ndi olemera kuposa athuwa, lita imodzi imakwana pafupifupi makilogalamu 1.025, moti boti lojambulidwira ku Beira kapena ku Dar es Salaam likabwera kuno limakhala pansi pang'ono kuposa mmene pepala lake likunenera.

Nkhani ya m'lifupi ndi imene inandiwawa mtima kwambiri. Mphamvu imene kutambalala kwa boti kumapereka kuti lidzuke likapendekeka siichepa pang'onopang'ono mofanana ndi mmene mwachepetsera. Amawerengera pochulukitsa m'lifupimo katatu. Mukachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a m'lifupi, mphamvu imeneyo yatsika ndi kupitirira kota. Chikhatho chimodzi chija chinandichotsera pafupifupi kota, kenako ine n'kukweza malata, zitsulo ndi matumba pamwamba pa mitu ya anthu. Ndipo pali chinthu china chonyenga: boti lolemera pamwamba limayendayenda uku ndi uku mofatsa, mochedwa, moti okwera amaliyamikira kuti siligwedeza. Langa ankaliyamikira choncho. Kufatsa kumeneko ndi chizindikiro choti mphamvu yodzukira yatsala pang'ono. Boti lokhazikika limabwerera msanga, nthawi zina mokhumudwitsa m'mimba.

Za injini ndingonena mwachidule. Boti lolemera la matabwa lili ndi liwiro limene kutalika kwake kumalola, ndipo la mamita 9 limathera cha pa makilomita 13 kapena 14 pa ola. Mukachotsa Yamaha ya mahosi 15 n'kuika ya 40, mwapachika kumbuyo chitsulo cholemera pafupifupi kawiri, mafuta akuthera kukumba dzenje m'madzi, matako a boti akhala pansi, ndipo thabwa lakumbuyo likuvutika. Liwiro lowonjezereka ndi lochepa. Injiniya akuuzeni kukula kwa injini musanagule, osati mutagula kale.

Tsono mukagwirizana, mulandire chiyani m'manja? Chithunzi chokongola cha boti lopaka utoto si pulani. Pafunika pepala losonyeza maonekedwe a thupi la boti ndi miyeso ya nthiti iliyonse, kuti mmisiri asamaganizire. Pafunika lina lonena kukula kwa matabwa: msana wa boti ukhale wonenepa bwanji, nthiti zitalikirane bwanji, matabwa a m'mbali akhale ochindikala bwanji, mtengo wake uti, misomali kapena mabawuti ake otani. Mlombwa ndi mbawa zikusowa ndipo zakwera mtengo, choncho mmisiri amakopeka kugwiritsa mtengo wina uliwonse umene wapezeka. Pepala linene mitengo yololedwa kulowa m'malo, ndipo linenetse kuti matabwa akhale ouma. Misomali wamba ya denga la nyumba imachita dzimbiri n'kudya thabwa mozungulira. Pafunikanso kalata yosainidwa yonena chiwerengero cha anthu, kulemera kwa katundu, kumene katunduyo azikhala, ndi pamene padzajambulidwe mzere wosonyeza kuti boti ladzaza. Pomaliza, pulani isonyeze zoyandamitsa: zipinda zotsekeka kutsogolo ndi kumbuyo, kapena thovu louma lopepuka, lija pa Chingerezi amati foam, lomangiriridwa pansi pa mipando, kuti boti likadzaza madzi anthu akhale ndi chogwira. Malo osungira majekete oyandamitsa akhalenso pa pepala, pamalo ofikirika, osati pansi pa matumba.

Ena adzakuuzani kuti mapulani aulere alipo pa intaneti. Alipodi, ndipo bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linasindikiza mapulani abwino a maboti ang'onoang'ono ausodzi ojambulidwa ndi akatswiri enieni. Ngati ntchito yanu ikufanana ndendende ndi imene pulaniyo inajambulidwira, ndipo mmisiri atsatira muyeso uliwonse, mwapeza chinthu chabwino. Vuto limayamba ndi mawu akuti "tingowonjezera mita imodzi ndi theka" kapena "tingokweza m'mbalimu". Mukasintha muyeso umodzi, pulaniyo si ya katswiri uja ayi, yasanduka yanu. Zikatero pitani nayo kwa injiniya aiwerengerenso. Kuwerengeranso kumatchipa kuposa kujambula chatsopano.

Mapepala akatuluka, musathamangire kogula matabwa. Pitani nawo kaye kwa a Marine. Lamulo la Inland Waters Shipping Act limafuna kuti maboti ogwira ntchito pa nyanja zathu azilembetsedwa ndi kuyenderedwa, ndipo n'kwabwino kumva zimene woyendera adzafune boti likadali papepala. Kufufuta mzere ndi labala sikuwawa. Kuzula matabwa okhomedwa kale kumawawa.

Kenako pamabwera ntchito imene palibe sukulu imaphunzitsa, yokhazika injiniya ndi mmisiri pa mphasa imodzi. Amisiri athu a m'magombe ali ndi nzeru zimene sizili m'buku. Amadziwa mmene thabwa la mlombwa limapindikira, amadziwa pamene boti limayamba kuola, amadziwa mmene mafunde a nyanja ino, afupiafupi ndi oima, amamenyera chifuwa cha boti. Mukabwera ndi mnyamata wa mapepala n'kumuimika pamwamba pawo, bamboyo adzakhumudwa, adzavomera pakamwa, inu mukachoka adzakhoma mmene anazolowera. Pa boti langa lachiwiri ndinabwerera kwa mmisiri yemwe uja. Ndinapita kunyumba kwake ndi amalume, ndinati, "Bambo, dzanja lanu ndikulifuna, palibe wina. Koma ndabwera ndi mwana wanuyu kuti atithandize masamu." Injiniyayo naye anali waulemu, anayamba ndi kufunsa asanauze. Pa nkhani ya kalumikizidwe ka msana ndi mtengo wakutsogolo, mmisiri ndi amene anapambana, ndipo pepala linasinthidwa. Pa nkhani ya m'lifupi injiniya sanasunthe ngakhale sentimita.

Mugwirizane kuti injiniya adzabwera kudzaona ntchito ikuyenda, osachepera katatu: msana ndi nthiti zikaima, matabwa a m'mbali asanatsekedwe onse, ndi tsiku lolowetsa m'madzi. Ulendo woyambawo ndi wofunika kuposa ena onse, chifukwa nthiti zikalakwika boti lonse lalakwika. Pakati pa maulendowa foni ilipo. Jambulani zithunzi tepi yoyezera ili pathabwa, mutumizeni pa WhatsApp. Ndipo lamulo likhale limodzi kwa onse, inu mwini poyamba: palibe kusintha kanthu osamuimbira.

Tsiku loyesa boti langa lachiwiri ndimalikumbukira bwino. Tinasankha m'mamawa kuli bata, nyanja ili phee. Injiniya anayamba wakapitsa madzi onse mpaka pansi pouma, chifukwa madzi oyendayenda mkati amanamiza muyeso monga mmene amagwetsera boti. Anaimika kamtengo pakati, anamangapo ulusi, kunsi kwake nati yolemera yolowa mu ndowa ya madzi kuti isamagwedezeke, ndipo anagoneka rula mopingasa. Tinali ndi zigubu za malita 20 zodzaza, chilichonse makilogalamu 20 a madzi. Anyamata ankasuntha zigubu kuchokera pakati kupita kumanja, n'kutuluka kapena kuima pamalo amodzi osasuntha, iye n'kuwerenga pamene ulusi waima pa rula, n'kulemba. Kenako kumanzere, kenako kubwereza. Anthu anadzaza pagombe kudzaonerera, ena akuseka kuti boti likupimidwa ngati mwana kusikelo. Kuchokera pa kusuntha kwa ulusi kuja anawerengera pamene kulemera kwa boti kwakhala, n'kuyerekeza ndi zimene analemba pa pulani. Atatha anatenga choko, anayeza kuchokera pamlomo wa boti kutsika, anajambula mzere mbali zonse ziwiri. Mmisiri anadutsamo ndi utoto wofiira. Injiniya anaitana woyendetsa wanga n'kumuuza kuti, "Achimwene, mzere uwu ukabisika m'madzi, wina atsike. Ngakhale akhale mfumu."

Za mtengo sindikubisirani, injiniya amalipiritsa, ndipo pa nthawi imene mukuwerenga ndalama ya matabwa, misomali, phula, utoto ndi injini, ndalama ya mapepala imaoneka ngati yotaya. Ine ndinaiyerekeza ndi zimene ndinataya tsiku limodzi lija: matumba a eni ake amene ndinabweza, njinga ziwiri, miyezi imene boti linagona pamchenga, ndi okwera amene anasiya kukwera langa kwa nthawi yaitali chifukwa mbiri ya pagombe imathamanga. Ndipo pa tsikulo sipanafe munthu. Lembani mgwirizano papepala, wonena zimene adzakupatseni ndi maulendo amene adzabwere, thiransipoti yake alipira ndani, ndipo mulipire m'magawo: poyamba, polandira mapulani, ndi boti litayesedwa pamadzi. Ngati thumba lanu ndi laling'ono, gwirizanani anthu atatu kapena anayi a pagombe limodzi amene ntchito yanu ndi yofanana, mujambulitse pulani imodzi, mumuuze injiniyayo poyera kuti maboti adzakhala angapo.

Amene muli ndi boti kale, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Maboti ambiri amene ndimawaopa pagombe pano sanabadwe oipa. Anawasintha. Wina analidula pakati n'kulitalikitsa osalimbitsa msana. Wina anakweza mipando kuti pansi pazilowa katundu, anthu n'kukhala m'mwamba. Wina anaika denga ngati ine. Wina boti la usodzi analisandutsa la matola osasintha kanthu koma dzina. Chilichonse mwa izi ndi chifukwa chokwanira choitanira wowerengera.

Boti langa loyamba lija silinatayidwe. Injiniya analiyesa ndi ulusi womwe uja ndi zigubu zomwe zija. Denga la malata linatsika, m'malo mwake tinaika tenti yopepuka pa timitengo, yoti munthu sangaikepo ngakhale thumba limodzi. Mipando tinaitsitsa, pansi pake tinamangirira zoyandamitsa, ndipo chiwerengero cha anthu chimene anandilembera chinali chochepa kuposa chimene ndinkanyamula kale. Ku Makanjira silipitanso. Limayenda m'mphepete mwa gombe, kunyamula usipa wa amayi anzanga kuchokera m'madooko apafupi, ndipo a zanyengo akalengeza pa wailesi kuti kukubwera mwera, limagona pamchenga pansi pa mango uja.